Kokapumula ku Zanzibar: Nungwi kapena Jambiani?

Achimwene, mwafunsa komwe mungakagwetse chikwama ku Zanzibar mutazungulira Tanzania kwa miyezi, Nungwi kapena Jambiani. Ine ndinganene Jambiani, koma dziwani kaye za madzi ake. Kugombe lakum'mawa, ku Paje ndi Jambiani, nyanja imaphwa kawiri pa tsiku, madzi n'kubwerera kutali zedi, moti masana ena simungasambire. Si ngati Nyanja ya Malawi yomwe mumaipeza pomwe munaisiya dzulo. Madzi akaphwa mumaona amayi atawerama, akukolola udzu wam'nyanja womwe amaumangirira pazingwe ndi timitengo. Polowa m'madzimo valani nsapato, muli tizilombo taminga tobaya koopsa.

Ku Nungwi, kumpoto, mumasambira nthawi ina iliyonse, koma kuli phokoso, mahotela ndi amalonda osakupatsani mpata. Thupi lotopa silifuna zimenezo.

Sitima yapamadzi yochokera ku Dar es Salaam imatenga pafupifupi maola 2. Epulo ndi Meyi muwapewe, mvula imagwa yosaleka. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye mukamachoka pamchenga kulowa m'mudzi muzivala modzilemekeza, zosambirira zithere kugombe.