Kucheza ndi woimba wongophukira kumene: timutchule bwanji?

Funso: Ndangoyamba ntchito pa wailesi ina, ndipo andituma kuti ndikachite intavyu ndi mtsikana wina woimba asanakwere pansanja. Ndi wamng'ono kwa ine ndipo watulutsa nyimbo ziwiri zokha. Kodi ndimutchule kuti katswiri? Nanga ndiziti "iwe" kapena "inu"?

Yankho: Tiyambire pa intavyu. Mawuwa alowerera ndithu, koma ambiri akawamva amaganiza za munthu wofuna ntchito atakhala kutsogolo kwa mabwana. Pa wailesi timati kucheza: "Lero tikucheza ndi woimba uyu." Mukati "ndabwera kudzakufunsani mafunso" simunalakwitse, kungoti zikumveka ngati za kupolisi, ndipo munthu amene mtima uli kale m'mwamba poyembekeza kuimba angoyamba kukuyankhani mwachidule. Chenjeraninso ndi tizilembo tiwiri: kufunsa ndi kwina, kufunsira ndi kwina. Mukalengeza kuti "ndinakamufunsira", omvera adikira tsiku la chinkhoswe.

Za ukatswirizo, ine ndikuti ayi. Masiku ano aliyense wogwira maikolofoni akutchedwa katswiri, namatetule, chiphona, mpaka mawuwa asukuluka. Katswiri ndi munthu amene luso lake layesedwa ndipo anthu alivomereza. Mkhalakale ndi amene wathapo zaka zambiri pa zoimbaimba. Wa nyimbo ziwiri uja ndi woimba wongophukira kumene. Mawuwa ndimawakonda chifukwa akuchokera ku mbewu: chophuka chili ndi moyo, chikukula. "Wongoyamba kumene" ndi zoona, koma ena amamva ngati mukuti sadziwa kanthu. Ngati akuimba poyambirira, mwini phwando asanafike pansanja, ndiye kuti ndi kalambulabwalo, ndipo dzinali si lonyoza.

Tsono "iwe" ndi "inu". Kunja kwa ntchito mwina mumamuitana kuti iwe, poti ndi wamng'ono kwa inu kapena mumadziwana. Koma pa wailesi simuli awiri. Akumva ndi makolo ake omwe. Nenani kuti inu. "Chemwali, takulandirani. Mwakonzeka bwanji?" Mukayamba ndi inu, pitirizani choncho mpaka pomaliza, osati pakati n'kuterereka kuti "nanga nyimbo ija unaipeka bwanji?" Iyeyo akakuyankhani m'Chichewa cha achinyamata, musiyeni, ndi chake, inu musathamangire kumutsanzira.

Pali funso lina limene atolankhani ambiri amapunthwa nalo. "Mwayamba liti kuimba?" Limvetsereni bwino: ndi mmene amafunsira mayi akapeza mwana akuchita zachilendo, "wayamba liti zimenezi?" Muli kachipongwe mkati. Funsani kuti "Munayamba liti kuimba?" Kumbukiraninso kuti kuimba kumakhudza mawu ndi zida zomwe, poti timaimba gitala, timaimbanso ng'oma. Ngati mukufuna kudziwa amene analemba nyimbo, mneni wake ndi kupeka. Za ku situdiyo ndi kujambula.

Wina wafunsanso ngati tilembe "oimba" kapena "woimba" pa chikalata cholengeza phwando. Mmodzi ndi woimba, ambiri ndi oimba: woimba uyu, oimba awa. Mmodzi angathe kukhala "oimba" pomulemekeza, koma pamenepo chiganizo chonse chitsatire: "oimba athu afika", osati "oimba wathu wafika". Za "y" wa mu "woyimba", mudzaona kalembedwe konse kuwiri m'manyuzipepala. Sankhani kamodzi ndipo musakasinthe pa chikalata chomwecho.