Bambo anandibisira ngongole, tsopano akufuna tipinyolitse dimba la amayi

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Bambo akunyumba ndi aphunzitsi a kupulayimale, ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1. Takhala m'banja zaka 14, tinamanga kwathu. Mowa samwa, ndipo sanandimenyepo.

Mwezi wathawu kunabwera munthu m'mamawa, ana asanapite kusukulu, n'kuima pabwalo kumakuwa kuti akufuna ndalama zake. Apa ndi pamene ndinadziwira kuti bambo anatenga K200,000 ya katapila pa matenda a mayi awo, ndipo mwini ndalamayo ndi amene akusunga khadi lawo la kubanki ndi chiphaso cha unzika. Mwezi ukatha amakatapa yekha K100,000. Watapa miyezi isanu ndi umodzi, koma akuti zonsezo ndi chiwongoladzanja, K200,000 ija ikadali pomwepo.

Usiku nditawapanikiza anaulula zina: K900,000 ya kukampani yobwereketsa ndalama imene imadula kumalipiro, K280,000 ya feteleza kwa mwini sitolo, ndi K40,000 ya pafoni. Nanenso ndili ndi K180,000 ya banki m'khonde imene ndinawonjezera mpamba, koma imeneyi ankaidziwa.

Mnzawo wakuntchito wawauza kuti atenge ngongole imodzi yaikulu yotsekera zonsezi, azibweza pang'onopang'ono zaka zitatu. Vuto ndi lakuti akufuna chikole, ndiye bambo akuti tipereke dimba limene ndimalimamo, lomwe ndi la amayi anga. Achimwene awo akuti angothawira ku Joni. Amayi akumpingo akuti tikaonane ndi amfumu, ena akuti nkhani yotere ndi ya kukhothi.

Azakhali, mutu wanga waima. Timagona chofulatirana. Kumsika ndimaona ngati aliyense akundiloza. Njira yabwino yobwezera ndi iti? Kapena ndingowauza alongedze abwerere kwawo?

Mayi wosowa mtendere, Lizulu

Mwana wanga,

Ndamva chisoni kwambiri ndi za munthu wokuwa pabwalo ana akumva. Manyazi amenewo ndi amene akukulepheretsani tulo kuposa ndalamazo, ndipo ndikupempheni kuti musasankhe njira yobwezera pofuna kuthana ndi manyazi msanga. Munthu wamanyazi amasaina chilichonse.

Ndiyambe ndi dimba. Ayi, musapereke. Dimba limenelo si lanu nokha, ndi la mbumba. Amayi anu ali moyo, abale anu aakazi ali nalo gawo, amalume anu ndiwo eni mbumba, ndipo mwamuna wobwera kudzakwatira sangaike malo a akuchikazi pa ngongole imene anatenga mkazi wake osadziwa. Komanso kachewere ndi kabichi zimene zikudyetsa ana pano zikuchokera momwemo. Mukalephera kubweza, mukhoza kutaya chinthu chokhacho chimene chikanakutulutsani m'ngongole, n'kudana ndi abale anu mpaka kumanda.

Musanapite kwa wina aliyense, pezani kope latsopano, mudikire ana agone, mukhale pansi awiri. Mulembe ngongole iliyonse: mwini wake ndani, munatenga zingati, mwabweza zingati, yatsala zingati, chiwongoladzanja chake n'chotani, munasaina chiyani, anasunga chiyani. Muwauze bambo mofatsa kuti usiku umenewu ndi wotulutsa zonse, chifukwa amuna ambiri akagwidwa amaulula zinayi n'kusunga yachisanu. Pa zimene mwandiuza, zonse pamodzi ndi K1,600,000. Ndi ndalama zambiri, koma ndi ndalama zowerengeka, ndipo si inu nokha. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza, sopo, thiransipoti, zonse zinathamanga kusiya malipiro m'mbuyo, ndipo ambiri olandira pamwezi akukhalira kukumba dzenje ili kuti akwirire lija.

Patsamba lachiwiri mulembe zolowa ndi zotuluka m'nyumba. Apa ndi pamene anthu amadzinamiza. Musawerengere za mwezi wa June pamene m'nyumba muli chimanga ndipo magalimoto akuima pa Lizulu kugula mpaka madzulo. Muwerengere za February, ufa uli wogula, fizi ikufunika, mwana wadwala malungo. Chimene chingatsale mwezi woipa ngati umenewo ndiye mphamvu yanu yeniyeni yobwezera. Pangano lililonse loposa pamenepo mudzaliphwanya, ndipo wokongoza amene mwamunamiza kamodzi savomeranso kukambirana.

Tsopano za ngongole imodzi yotsekera zonse. Maganizowo si oipa nthawi zonse, koma amakoma m'khutu chifukwa amakuuzani za pamwezi zokha. Tiyerekeze akuti muzipereka K85,000 pamwezi kwa miyezi 36. Zikumveka zopepuka, koma mukachulukitsa ndi K3,060,000. Wina akati K120,000 kwa miyezi 18, zikumveka zolemera, koma ndi K2,160,000. Choncho funso loyamba kwa aliyense wofuna kukubwereketsani likhale lakuti, pomaliza penipeni ndidzakhala nditapereka zingati, kuphatikizapo ndalama za fomu, za inshulansi ndi chindapusa cha kuchedwa? Akulembereni papepala mupite nalo kunyumba. Akakana, tulukani. Njirayi ndingaivomereze pokhapokha wobwereketsayo ali ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, sakufuna malo a makolo, ndipo zonse zobweza zikuchepa poyerekeza ndi zimene mukanapereka mukanazisiya momwe zilili. Ngati bambo ali membala wa SACCO, bungwe limene mamembala amasungako ndi kubwerekako ndalama, ayambire kufunsa kumeneko, poti kumeneko masheya awo omwe amathandiza ngati chikole. Ndipo ndalamazo zikatuluka zipite kwa eni ngongole tsiku lomwelo, inu muli pomwepo. Ndinaona ndi maso anga mlongo wanga atatenga ngongole yotere: ndalama inagona m'nyumba sabata imodzi, kunagwa maliro, kunabwera wa lendi, ndipo pomatha mwezi anali ndi ngongole zakale zija ndi yatsopano pamwamba.

Kwa inu ndikuona kuti chabwino ndi kupangana ndi mwini ngongole aliyense payekha, molemba, pamaso pa mboni. N'zotopetsa ndipo zimafuna kudzichepetsa, koma simuwonjezera ngongole ina.

Wa katapila ndiye bala limene likutaya magazi, muyambe ndi iye. Anapereka K200,000, walandira kale K600,000, ndipo akuti simunayambe n'komwe kubweza. Zimenezo si chilungamo, ndipo malamulo a dziko lino sali kumbali yake monga momwe amakuopsezerani. Pali lamulo lotchedwa Loans Recovery Act limene limapatsa khothi mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake chili chopyola muyeso, n'kuchepetsa zoyenera kulipidwa. Anthu a katapila amalidziwa bwino, n'chifukwa chake amakonda kukuwa pabwalo kusiyana n'kukasuma. Bambo apite kubanki kwawo akatenge sitetimenti yoonetsa ndalama zonse zimene zakhala zikutapidwa, ndiwo umboni wanu. Akafotokozenso kuti khadi lili m'manja mwa munthu wina, alitseketse, atenge latsopano ndi nambala yachinsinsi yatsopano. Chiphaso cha unzika ndi cha mwini wake, munthu wina alibe ufulu wochisunga. Koma musachite zimenezi mwakabisira ngati mukuthawa. Amayi akumpingo aja ananena zoona: pitani kwa amfumu, munthuyo aitanidwe, sitetimenti iyalidwe poyera, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe, asaine iye, asaine bambo, amfumu adinde. Pepalalo linene kuti ngongole yatha, kapena yatsala yakuti ndipo idzatha tsiku lakuti, popanda chiwongoladzanja china. Akayamba kuopseza kapena kufuna kunyamula katundu yekha, nkhaniyo ndi ya kupolisi. Wokongoza alibe mphamvu yolowa m'nyumba mwanu n'kutenga matilesi chifukwa choti mwachedwa kubweza.

Kampani yodula kumalipiro ija ndi yosiyana, poti pali mapepala amene bambo anasaina. Apite okha kuofesi, asadikire kufunidwa. Akapemphe sitetimenti yonse ndi kope la pangano, kenako alembe kalata yopempha kuti ndondomeko yobwezera ikonzedwenso, afotokoze chimene chachitika ndi ndalama imene angakwanitse. Kalatayo ikhale ndi inzake yosunga kunyumba, yodindidwa kuti alandira. Mabungwe ambiri amalolera kutalikitsa nthawi kusiyana n'kuthamangitsana ndi munthu kukhothi, koma kumbukirani masamu aja: kutalikitsa kumapepuza mwezi, kumalemeretsa mapeto. Mwina katapila akachoka pakhosi mudzapeza kuti K100,000 imene imapita kwa iye ikukwanira, kampaniyo n'kuisiya izidula monga kale. Chimodzi muwachenjeze: asalole zimene amati "topu apu", kuwonjezeredwa ngongole pamwamba pa yakale. Mukaona kuti akudula zosiyana ndi pangano, dandaulani kwa iwo molemba, zikakanika dandaulo lipite ku Reserve Bank, amene amayang'anira mabungwe amenewa. Dziwaninso kuti mbiri ya kabwezedwe ka munthu imasungidwa ku mabungwe a credit reference bureau, ndiye wothawa ngongole yotere dzina lake limamutsatira kubanki iliyonse.

Ya banki m'khonde ndi yanu, ndipo amayi amenewo ndi amene adzakuphikireni pa maliro. Musajombe kumsonkhano. Kaimeni pamaso pawo munene zoona, mupemphe kuti chindapusa chiime, muzipereka kangachepe sabata iliyonse, chotsala adzadule pa masheya anu pogawana. Mlembi alembe m'buku, gulu lonse limve. Wa sitolo naye mukamuone awiri, mumupatse masiku enieni ogwirizana ndi nthawi yokumba kachewere, ndipo chilichonse chimene mwapereka azilemba n'kusaina. Ya pafoniyo ndi yaing'ono, itsekeni mwezi woyamba khadi likabwerera, ndipo musatengenso.

Za khothi musaziope monga momwe anthu amaziopera. Wina akakusumirani, masamoni akabwera, pitani. Munthu amene wavomera ngongole n'kuonetsa kope la zolowa ndi zotuluka akhoza kupempha majisitireti kuti azibweza pang'onopang'ono, ndipo chimene khothi lalamula chimamanga mbali zonse ziwiri. Amene amalandidwa katundu ndi masherifu nthawi zambiri ndi amene anabisa masamoni pansi pa mphasa. Palinso lamulo la 2016 la Insolvency Act, limene limalola munthu amene ngongole zamukwirira kupanga pangano limodzi ndi onse omufuna ndalama, kapena kulengezedwa ndi khothi kuti walephereratu kubweza. Koma njira imeneyo imafuna akatswiri ndi ndalama, ndipo katundu wa munthu amatha kugulitsidwa. Pa K1,600,000, munthu ali pantchito yolandira mwezi ndi mwezi, simunafike pamenepo. Musanasaine pepala lililonse limene simukulimvetsa, kafunseni a Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Makamaka inuyo: kusaina ngati mboni ndi kwina, kusaina ngati woimira ngongole ndi kwina. Woimira amalipira mwini wake akalephera.

Za ku Joni ndisatayepo nthawi. Kusiya ntchito ya uphunzitsi ndi penshoni yake, kukongolanso ya basi, n'kukusiyirani anthu okuwa pabwalo? Achimwene awowo akhala kwawo ali phee.

Tsono funso lanu lomaliza. Bambowa analakwa, ndipo musalole wina akuuzeni kuti mungoiwala. Kukongola pofuna kupulumutsa mayi awo sindingawadzudzule nako. Cholakwa ndi kudya nanu mbale imodzi miyezi yonseyi khadi lili kwa munthu wina, inu mukudabwa kuti ndalama ikupita kuti, mwinanso mukudziimba mlandu kuti simutha kusunga. Chimenecho apepese ndi pakamwa pawo, osati kungoyamba kutunga madzi ndi kusesa pabwalo. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukawathamangitsa lero, malipiro amene angabweze ngongolezi apita nawo, ana atsala ndi inu, ndipo munthu amene mwandiuza nokha kuti samwa, samenya, mwamutaya pa nkhani imene ingathe m'zaka ziwiri.

Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kope lija liikidwe pamphasa. Pamaso pawo mugwirizane kuti palibe wotenga ngongole, ngakhale ya K5,000 ya pafoni, mnzake osadziwa, ndipo lamuloli likumanga inunso. Pepala la malipiro muziliona mwezi uliwonse, nawonso aziona za kumsika. Akuchimuna amve kuti chiyambi cha zonsezi ndi matenda a mayi awo, kuti abale a bambo, kuphatikizapo achimwene onena za ku Joni aja, anene chimene asonkhe. Ankhoswewo apangane nanu tsiku lobweranso pakatha miyezi itatu kudzaona kope. Ngati pofika tsikulo mudzapeze ngongole ina yobisika, mudzandilemberenso, pamenepo tidzakamba nkhani ina.

Azakhali