Yankho kwa achemwali ofunsa za Outlander: bwererani ku buku loyamba

Achemwali, mwafunsa kuti munawerenga mabuku anayi oyamba a Outlander zaka zapitazo kenako lachisanu, The Fiery Cross, linakukanikani, pano mayina onse asokonekera m'mutu, ndiye mukuti muyambirenso kapena mungodumpha nkupitiriza. Ine ndikuti yambiraninso, osati chifukwa choti mukumbuke mayina chabe ayi, koma chifukwa ulendo woyamba tonsefe timawerenga ngati tikuthamangitsidwa, maso ali pa Claire ndi Jamie basi, akumananso liti, apsompsonana tsamba liti kkkk, anthu ena onsewo timangowadutsa ngati tili mu minibasi. Ulendo wachiwiri ndi pomwe mumaona kuti Diana Gabaldon anatchera misampha kuyambira mitu yoyambirira ya buku la 1991 lija.

Mukukumbuka ku Inverness ku Scotland, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, Claire asanalowe m'miyala ya Craigh na Dun nkukatulukira mu 1743? Frank, mwamuna woyamba wa Claire, akubwerera usiku kukugwa mvula aona munthu wovala zachi Highlander, anthu a kumapiri a Scotland, ataima panja akuyang'anitsitsa windo lomwe Claire akupesa tsitsi. Poyamba ndinangoti aa ndi nthabwala za mizukwa izi, koma pobwereza ndinatseka buku kaye nkukhala phee, chifukwa pano ukudziwa kuti ndi Jamie waima pamvulapo. Ndiye Mrs Graham aja oyang'ana m'dzanja la Claire nkuona mzere wa ukwati wagawikana pawiri. Ndiye kamnyamata kaja ka kunyumba kwa abusa Wakefield, kongodutsa pa tsamba limodzi kapena awiri, si Roger yemwe uja wodzakwatira Brianna, mwana wa Claire ndi Jamie? Ndipo magazi ake ndi a Geillis, mnzake wa Claire wa m'zaka za 1700 uja, ndi Dougal, malume a Jamie. Zonsezi zili poyera koma ulendo woyamba suziona.

Pa mayina, njira yomwe inandithandiza ine ndi kuwawerenga ngati abale akumudzi. MacKenzie ndi Fraser zitengeni ngati mmene timanenera aPhiri ndi aBanda. Mayi ake a Jamie, Ellen, anali MacKenzie, ndiye Colum ndi Dougal ndi amalume ake enieni, ndipo mukangogwira pamenepo ndale zonse za ku Castle Leoch zimamveka bwinobwino, ifeyo nkhani ya malume ndi mphwake pa ufumu sitichita kufotokozeredwa. Colum ndiye mfumu koma miyendo njolumala, Dougal ndiye wankhondo, ndipo mphwawoyo ndi mnyamata woti anthu akhoza kumufuna pampando. Ndiye Dougal pokakamiza Jamie kukwatira mkazi wachingerezi, inde akupulumutsa Claire kwa Black Jack Randall, kaputeni wankhanza wa asilikali achingerezi, komanso akudziwa kuti a MacKenzie sangasankhe munthu wokwatira Sassenach, ndiye kuti Mngerezi, kukhala mtsogoleri wawo. Mwala umodzi mbalame ziwiri ayi, tinene kuti malume anadya uku ndi uku. Poyamba ine ndinkangosangalala kuti ukwati wachitika.

Ndinatenganso kope lakale la mwana wanga nkulemba kumbuyo kwake. Ian alipo awiri, wamkulu wa mwendo wamtengo uja, mwamuna wa Jenny mlongo wake wa Jamie, ndi mwana wake Young Ian. Jamie yekha mayina mbwee, MacTavish ku Leoch, Mac Dubh kundende ya Ardsmuir, Alex MacKenzie ku Helwater, A. Malcolm wosindikiza mabuku ku Edinburgh, onsewo ndi zidutswa za dzina lake lonse kupatula awiri oyambawo, James Alexander Malcolm MacKenzie Fraser. Tsamba limodzi lakwana, musachite kupanga homuweki.

Munthu amene ndinamukonda pobwereza ndi Murtagh, wachibale uja wosasiyana ndi Jamie. Wosalankhula, nkhope yokwinya nthawi zonse, koma mukadziwa kuti ankakonda Ellen ndipo zibangili za minyanga ya nguluwe zija anapereka ndi iyeyo, mkazi nkukwatiwa ndi wina, iye nkutha moyo wake wonse akulondera mwana wa mkaziyo, chilichonse chomwe akuchita chimasintha kakomedwe. Chenjerani ngati munaoneranso filimu yake ya Starz yomwe inayamba 2014, kumeneko anamusunga wamoyo mpaka ku America pomwe m'mabuku amafera ku Culloden mu 1746, anthu ambiri amasakaniza ziwirizi nkumakangana mu gulu muno. Jenny nayenso, mlamu wovuta uja, ulendo woyamba ndinkamuona ngati wolowerera za eni makamaka pa nkhani ya Laoghaire, mkazi amene Jamie anakwatira Claire atasowa, mu Voyager, buku lachitatu, koma taganizani mzimayi amene wagwira Lallybroch, kwawo kwa Jamie, zaka zonse zija asilikali achingerezi akuzungulira, mchimwene wake Jamie akubisala kuphanga, kenako mlamu amene anasowa zaka 20 watulukira osakalamba kwenikweni komanso osafotokoza komwe anali. Inuyo mukanamulandira ndi nkhuku?

Ndipo mlandu wa ufiti ku Cranesmuir, eee, umandikhudza mwina chifukwa zoterezi kwathu kuno sizachilendo, gulu likangoloza chala basi zatha. Pomwe Claire akuona chipsera cha katemera pamkono wa Geillis nkuzindikira kuti mnzakeyu nayenso ndi wochokera kutsogolo, ndinadzigwira pamkono panga pomwe pali chipsera changa cha ku sikelo kkkk.

Sindikunamizani kuti zonse nzokoma. Za kundende ya Wentworth kumapeto kwa buku loyamba ine ndimadumpha, ndinawerenga kamodzi zakwana, ndipo nkhanza zogwiririra zachuluka mopyola m'mabukuwa, osamupatsa mwana wa fomu 2 kuti akuphunzirirapo chizungu. Komanso za akapolo, msika uja wa ku Jamaica ndi munda wa Jocasta, azakhali a Jamie, ku River Run, munthu wakuda ukamawerenga umaona kuti akapolo aja Ulysses ndi Phaedre akungozungulira m'mphepete mwa nkhani ya azungu, ndipo mmene anamulembera Mr Willoughby wa ku China uja zimandinyansa ndithu. Pobwereza izi zimaoneka kwambiri kuposa poyamba chifukwa chikondi sichikukuphimbanso m'maso.

Tsono The Fiery Cross yomwe inakugwetsaniyo, simuli nokha. Ndi masamba pafupifupi 1000, ndipo tsiku limodzi lokha la msonkhano wa pa Mount Helicon mu 1770 limadya masamba oposa 100, mvula, matewera a Jemmy mwana wa Brianna, anthu obwera kudzadandaula kwa Jamie mmodzimmodzi, ukwati wa Brianna ndi Roger ukungochedwa. Koma mukafika pamenepo mutangomaliza kumene lachinayi, Drums of Autumn, anthuwo mukuwadziwa, zimakhala ngati tsiku la chinkhoswe kwanu, palibe chachikulu chikuchitika koma aliyense wodutsa ukudziwa mbiri yake ndi amene sakulankhulana naye. Ngati maso atopa pezani ya audio yowerengedwa ndi Davina Porter muzimvera mukuchapa, imathandizanso katchulidwe, ine zaka zonsezi Laoghaire ndinkamutchula mmene walembedweramo kumachita kuluma lilime, kumeneko nkuti amangoti Liri.

Kutsogoloku kukudikira mabuku ena anayi mukamaliza limenelo, lomaliza kutuluka ndi Go Tell the Bees That I Am Gone la 2021, ndiye palibe chothamangira. Mukafika pa shopu ya A. Malcolm pomwe Jamie akutembenuka nkukomoka mudzandiuze mu inbox, ine ndabwereza katatu koma pamenepo ndimaikabe foni pa silent.