Yankho kwa azakhali: Lisbon ndi mawondo anuwo

Eee, azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija ndaliona, loti ndi mawondo anuwo mungathe kuuzungulira mzinda wa Lisbon tsiku limodzi mukadzabwera kuno ku Portugal. Ndati ndingojambula mawu, kulemba zala zitopa. Enanu pagulupu pano mundipirire, italikako.

Mungathe ndithu, bola mudzauyambire kumtunda. Mzindawu uli pamapiri, eni ake amati alipo 7, ndipo m'munsi mwake mukudutsa mtsinje wa Tejo pamene ukukathira m'nyanja ya Atlantic. Ndi wotambalala moti mukadzauona mudzati ndi nyanja. Ndiye msewu uliwonse ngati sukukwera ndiye kuti ukutsika. Ine dzulo ndinakwezeka ndi tram m'mamawa, n'kumatsika wapansi pang'onopang'ono mpaka kumadzi. Amene ndinkasemphana nawo akukwera dzuwa lili paliwombo, aaa, anali omvetsa chisoni, thukuta lili kamukamu, ena atangokhala pamasitepe a eni ake ali wefuwefu.

Tram imeneyi ndi kasitima kamagetsi kachikasu, ka bogi imodzi, koyenda mumsewu momwemo ndi galimoto. Mudzakwere nambala 28, imanyamukira pa Martim Moniz. Timasitimati ndi ta m'ma 1930, mkati ndi matabwa, ndipo sanatichotse chifukwa masitima atsopano ataliatali aja sangakhote m'timisewu ta kumtundako. Pena kamadutsa kufupi ndi khoma mpaka woyenda pansi amachita kudziphatika pachitseko kuti kapite. Koma mudzalawirire. Kukangocha bwino mzere wa alendo umatalika, ndipo mukhoza kukwera choimirira. Chikwama chikhale kutsogolo, paja opisa m'matumba amakonda pothithikana.

Mudzatsikire pa Portas do Sol. Malo oonerapo mzinda ali pomwepo, simukweranso kanthu. Pansi panu madenga ofiira a Alfama, chigawo chakale cha mzindawu, angoti mbwee mpaka kumtsinje, sitima zikuluzikulu za alendo zitakocheza. Kumtunda kwake kuli linga la São Jorge, limene mfumu yoyamba ya Portugal, Afonso Henriques, inalanda kwa Asilamu mu 1147. Kwa inu, ine ndingati lisiyeni. Pakhomo amalipiritsa, mkati ndi masitepe okhaokha, pamene mzinda womwewo mwauona kale mwaulere.

Potsika, apa mundimvetsetse, musadzalowe m'tinjira ta masitepe ta Alfama ngakhale tikukopeni bwanji ndi zovala zoyanikidwa m'mazenera ndi matailosi abuluu m'makoma. Tsatirani njanji za kasitima kaja. Kumene kasitima kamatha kutsika, bondo nalonso limatha, ndipo njirayo ikudutsitsani pa tchalitchi chachikulu cha Sé. Pansi anayala timiyala toyera ndi takuda, tosalala chifukwa chopondedwa, kukagwa kamvula timaterera koopsa. Gogoda uja mudzamusiye m'chikwama.

Mukafika pansi, ku Baixa, mudzadabwa: pafulati, misewu yowongoka, nyumba zofanana msinkhu. Chinachititsa ndi chivomerezi cha pa 1 November 1755. Linali tsiku la Oyera Onse, m'mawa, anthu ali m'matchalitchi makandulo akuyaka. Nyumba zinagwa, moto unabuka, ndipo amene anathawira kumtsinje poganiza kuti pabwalo ndiye pabwino anakumana ndi funde lalikulu lochokera kunyanja. Anafa anthu zikwizikwi. Nduna ya mfumu, amene amadziwika ndi dzina loti Marquês de Pombal, inalamula kuti chigawo chonsecho achimangenso mwatsopano, ndipo m'kati mwa makoma anaikamo mitengo yopingasa kuti nthaka ikadzagwedezekanso nyumba izingotekeseka osagwa. Tchalitchi chimodzi, cha Carmo, mpaka lero chilibe denga. Umalowa, nsanamira zili chilili, ukayang'ana kumwamba ukuona mitambo ndi nkhunda zikudutsa. Pa zonse zimene ndinaona dzulo, pamenepa ndi pamene ndinakhalitsa. Chili pachitunda china, ku Chiado, koma musadandaule: mukalowa pa siteshoni ya sitima zapansi ya Baixa-Chiado muli masitepe oyenda okha, amakutulutsirani kumtunda. Pali chikepe chachitsulo cha Santa Justa cha mu 1902, chotalika mamita 45, koma chimenecho kungochiona muli pansi n'kokwanira.

Za nkhomaliro, chimodzi chokha. Mukakhala pansi amakuikirani buledi, tchizi ndi maolivi musanaitanitse. Si mphatso ayi, mukadya zilowa pa bilu, ma euro n'kumapita. Mukapanda kuzikhudza salipiritsa. Ndinadya bacalhau, nsomba youma yamchere ija, yosakaniza ndi mazira ndi mbatatesi. Mchere wake, inu a BP, mudzalawe pang'ono chabe.

Masana mudzapite ku Belém, pa tram nambala 15 kapena pa sitima yochokera ku Cais do Sodré. Kumeneko mawondo apuma, n'kwafulati, m'mbali mwa mtsinje. Kuli nyumba ya amonke ya Jerónimos, anayamba kuimanga mu 1501, ndipo m'tchalitchi chake muli manda a Vasco da Gama yemwe tinkaloweza kusukulu uja. Ananyamukira pompo mu 1497, chaka chotsatira n'kukocheza pa chilumba cha Mozambique popita ku India. Mwala anaugoba mokongola zedi, zingwe za sitima, masamba, zonse pamwala. Koma ine ndikuyang'ana, mtima unali pa anthu amene sitima za Apwitikizi zinkawatenga ku Africa kuwabweretsa kuno ndi ku Brazil ali omangidwa ngati akapolo. Alendo anzanga anali kalikiliki ndi zithunzi basi. Kaya, mwina ndi ine ndekha.

Pafupi pomwepo pali shopu yomwe yakhala ikuphika timakeke ta mazira, pastéis de Belém, kuyambira 1837. Amakupatsani totentha, pamwamba muwaze sinamoni. Mzere wa panja usadzakuopseni, mudzalowe mkati, muli zipinda zambiri zokhalamo. Pobwerera mudzadutsa pansi pa mlatho wofiira wa 25 de Abril. Anautsegula mu 1966 uli ndi dzina la Salazar, amene ankalamulira Portugal mwankhanza nthawiyo, n'kuusintha asilikali atagwetsa boma lankhanza lija mu 1974, ndipo chaka chotsatira Mozambique inalandira ufulu.

Eya, musadzasankhe Lolemba, ku Jerónimos amatseka. Mankhwala opaka aja mudzatenge, ndodo yanunso musadzachite nayo manyazi, agogo akuno amayenda nazo. Foni yatsala pang'ono kuzima.