Kubadwira pansi n'kufera pansi: yankho kwa achimwene a ku Santhe

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti kuli mayiko kumene munthu akabadwira m'banja lonyozeka amafa ali wonyozeka ngakhale alemere, komanso ngati kuno kwathu ziliko. Ena pagulu pano ayankha kale kuti umenewo ndi umphawi basi, wofanana ndi wa kulikonse. Ine ndikukana. Umphawi ndi wowawa, koma mmphawi akapeza ndalama anthu amayamba kumuvulira chipewa. Zimene mwafunsazi ndalama sizichotsa.

Ku India n'kumene zimaonekera bwino. Chiphunzitso chakale cha Chihindu chinagawa anthu panayi: ma Brahmin, ansembe ndi aphunzitsi, ma Kshatriya, mafumu ndi ankhondo, ma Vaishya, amalonda, ndi ma Shudra, antchito. Kunja kwa magulu anayiwa kunatsala anthu amene lero amadzitcha ma Dalit, amene ankati ngodetsedwa, osayenera kukhudzidwa. Ntchito zawo zinali zosenda ng'ombe zakufa, kutapa zimbudzi, kutentha mitembo, ndipo mwana ankalowa ntchito ya bambo ake afune asafune. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti anthu a m'magulu amenewa ngoposa 200 miliyoni. Kumeneko n'kuchulukitsa Amalawi tonse pafupifupi kakhumi.

Mbiri ya B. R. Ambedkar imandikhudza kwambiri. Anabadwa mu 1891 m'gulu la ma Mahar, limodzi mwa magulu a ma Dalit. Kusukulu ankakhala payekha pa chiguduli chochokera nacho kwawo. Akamva ludzu sankaloledwa kugwira mtsuko. Wantchito wa pasukulupo ankamuthirira madzi kuchokera m'mwamba, ndipo wantchitoyo akajomba, mwanayo ankaweruka kukhosi kuli gwa. Mwana yemweyu anadzaphunzira ku Columbia University ku New York komanso ku London, n'kubwerako ali dokotala wa zachuma ndi loya. Koma atabwerera kwawo, anthu ankakanabe kumubwereketsa nyumba. Mu 1927 anatsogolera khamu kukamwa madzi pa dziwe la aliyense m'tauni ya Mahad. Atachoka, a magulu apamwamba anachita mwambo woyeretsa dziwelo. Taganizani, munthu wa madigiri onse aja, madzi n'kudetsedwa chifukwa iye wamwapo!

Ambedkar ndiye anatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu a India amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, ndipo ndime 17 inathetsa mchitidwe wosala anthuwa. Boma limawasungira malo m'makoleji, pa ntchito za boma ndi ku nyumba ya malamulo. Ma Dalit awiri akhalapo pulezidenti, K. R. Narayanan mu 1997 ndi Ram Nath Kovind mu 2017. Komabe mu 2013 anachita kukhazikitsanso lamulo lina loletsa kutapitsa anthu zimbudzi ndi manja, chifukwa la mu 1993 silinkamveka. Ambedkar mwiniwake anafika poona kuti lamulo lokha silikwanira, moti mu 1956 anasiya Chihindu n'kulowa Chibuda ku Nagpur pamodzi ndi anthu miyandamiyanda.

Chimene chimalimbitsa zimenezi, m'kuona kwanga, ndi ukwati. Bola aliyense akukwatira m'gulu lake, mpanda sugwa. Mpaka lero ofuna banja kumeneko akamalengeza m'nyuzi amatchula gulu lawo, ndipo alipo achinyamata amene amaphedwa ndi abale awo chifukwa chokwatirana ndi wa gulu lina.

Musayese ndi India yekha. Ku Japan, dziko la Toyota zathu zodzaza mu M1 zija, kuli a burakumin, zidzukulu za ofufuta zikopa ndi opha nyama. Boma linawamasula mu 1871. Nkhope n'zofanana, chilankhulo n'chimodzi, simungawasiyanitse. Koma mu 1975 zinaululika kuti makampani ankagula mwamseri mabuku a mayina a midzi yawo kuti asawalembe ntchito. Ku Nigeria, pakati pa a Igbo, kuli a osu, amene makolo awo anaperekedwa kwa mizimu. Lamulo linathetsa zimenezi mu 1956, koma maukwati akulepherekabe makolo akafufuza mtundu. Ku Mauritania ukapolo wobadwa nawo unathetsedwa mu 1981, koma unadzakhala mlandu wolangidwa nawo mu 2007.

Nanga kuno? Tinene chilungamo mbali zonse ziwiri. Zofanana ndi za ku India tilibe. Taonani pa maliro. Adzukulu amakumba manda, amanyamula chitanda, akatha amasamba m'manja n'kudya nsima ndi anzawo, ndipo mawa wokumba ndi wina. Palibe banja limene linalembedwa kuti ilo ndi la mitembo mpaka kalekale. Wopha ng'ombe pa msika wa Kasungu akafunsira mbeta, ankhoswe amafunsa za khalidwe lake, osati za magazi amene amagwira. Ufumu ndi wobadwa nawo, inde, kwa ife Achewa umatsata kuchikazi, koma mwana wa mfumu amakwatira aliyense, ndipo amatunga pa mjigo umodzi ndi tonsefe. Ngakhale Angoni, amene ankagwira anthu pankhondo, ankawalowetsa mu mtundu wawo, ena n'kukwera mpaka kukhala nduna.

Koma tisadzitame msanga. Khalani pa bwalo tsiku la mkangano wa ufumu kapena wa munda, mudzamva wina akuti, "Inu khalani chete, agogo anu anali akapolo, anachita kugulidwa." Zaka zoposa 100 zapita chithere malonda a akapolo a kwa Jumbe ku Nkhotakota, koma mawuwa akadali ndi mphamvu yotsekera munthu pakamwa pa dziko limene iye, mayi ake ndi agogo ake anabadwirapo. Chimodzimodzi mawu oti "obwera". Ine ndikamva zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa maganizo ake ndi omwe aja a pa dziwe la Mahad: kuti cholakwa chili m'magazi.

Ndipo pali china chimene ife a ku Kasungu timachiona tsiku ndi tsiku mpaka tinachizolowera: matenanti a m'maesiteti a fodya. Banja limachoka ku Mulanje kapena ku Phalombe, limalandira chimanga ndi feteleza pangongole, fodya akagulitsidwa bwana n'kudula zonse, ndalama zotsala n'kukhala zochepa zosakwana ndi thiransipoti yobwerera kwawo. Ana amasoka fodya m'chigafa nthawi imene anzawo ali m'kalasi. Mwanayo akakula alibe munda, alibe satifiketi, ndiye amakhalanso tenanti, n'kukwatira mwana wa tenanti mnzake. Palibe chipembedzo chimene chinalamula zimenezi, koma zotsatira zake zikuyandikira komweko. M'boma lomweli muli Kamuzu Academy ku Mtunthama, ndipo mwana wa tenanti angakulire pafupi ndi geti lake osalota n'komwe zolowamo.

Malamulo tili nawo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha kubadwa kwake kapena kumene anachokera, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inathetsa utenanti. Koma mwaona za India ndi Japan kuti pepala limatsogola, anthu n'kutsalira zaka makumimakumi. Tsono inu a ku Santhe, popeza maesiteti muli nawo pafupi, tatiuzeni pagulu pano: chidutsireni lamulo la 2021, olima fodya kumeneko akulandira malipiro a pamwezi, kapena akudikirabe kuti bwana agulitse kaye ku okushoni? Nanga ana awo akupezeka m'kaundula wa sukulu mwezi wa February, fodya akamathyoledwa?