Ntchentche ya pakhola panuyo sikuoneka ngati kashembe

Achimwene, ndaziona zithunzi zitatu mwaponya pagulu pano za ntchentche imene inakulumani pamwendo mukutulutsa ng'ombe m'khola kwanu kwa Mwansambo, ndipo funso lanu ndi loti kodi ameneyu ndi kashembe wofalitsa kaodzera uja. Ena ayankha kale kuti "ndi yemweyo, thamangirani kuchipatala" atangoona kamlomo kosongoka kaja. Ine ndikuti ayi, tisathamange choncho. Kamlomo kokha sikathetsa mlandu.

Yang'anani chithunzi chanu choyamba, chija ili yamoyo itatera pa mtengo wa khola. Mapiko ake atayana, nsonga ina uku ina uko, ngati chilembo cha V, ndipo mimba ikuonekera pakati. Kashembe satera chomwecho. Iye akakhala pansi amapinda mapiko kwathunthu, lina pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka, ndipo mapikowo amapitirira kumbuyo kwa mimba. Mukamuona kamodzi simungamuiwalenso. Pakukula, yanuyi yangofanana ndi ntchentche ya m'nyumba, pomwe mitundu ya kashembe ya kuno kwathu nthawi zambiri imakhala yokulirapo pang'ono, yofiirira motuwa. Ndiye ine ndikuganiza kuti mwagwira imene akatswiri amaitcha Stomoxys, ntchentche yoluma ya m'makola. Imaswana mu ndowe zosakanikirana ndi udzu wonyowa, imakonda miyendo ya ng'ombe ndi ya anthu, ndipo kuluma kwake kumawawa zedi. Nayonso mlomo wake umaloza kutsogolo, n'chifukwa chake ambiri amasokonezeka.

Chithunzi chachiwiri ndi chachitatu sizikundithandiza, pepani. Munaimenya ndi patapata, ndiye yaphwanyika, phiko lina lapindika. Ntchentche yakufa imatambasula mapiko mmene yafunira, ngakhale kashembe weniweni.

Mukagwira ina, musaiphe msanga. Itsekereni m'kabotolo koonekera m'kati, muike mufiriji mphindi zingapo ngati muli nayo, kapena mudikire ifooke yokha. Ikani pa pepala loyera panja pamthunzi, osati ndi fulashi usiku, ndipo pambali pake pakhale kamtengo ka machesi kuti tione kukula kwake. Jambulani kuchokera pamwamba, kenako cham'mbali kuti mlomo uoneke. Koma chithunzi chimene ndikuchifuna kwambiri ndi cha phiko. Litambasuleni ndi singano, kuwala kudutsemo. Pakati penipeni pa phiko la kashembe timitsempha timajambula kachithunzi kooneka ngati kankhwangwa, mpini ndi mutu womwe. Kankhwangwa kameneka ndiye chidindo chake. Foni ikamakana kuona pafupi, musaiyandikize kwambiri. Bwererani m'mbuyo pang'ono mukulitse chithunzicho pambuyo. Ine ndinavutikapo ndi zimenezi masana onse, zithunzi makumi awiri zonse mbuu, mpaka mwana wanga anandiuza kuti ndipukute kaye kagalasi ka foni.

Palinso zina zimene zimasokoneza anthu nthawi ya dzinja, ntchentche zoluma za mapiko amawangamawanga ndi maso a mizeremizere, za mtundu wa Haematopota. Zimenezo mapiko zimaika ngati denga la nyumba. Zithunzi zikatuluka bwino mukhoza kuziikanso pa tsamba la pa intaneti lozindikiritsa zamoyo lotchedwa iNaturalist, kumene kuli anthu oti ntchentche ndiye ntchito yawo, koma mulembe malo ndi tsiku, chifukwa popanda zimenezo nawonso amangolota. Dzina lenileni la mtundu nthawi zina silipezeka pa chithunzi ayi, limafuna makina okulitsira zinthu, choncho ntchentcheyo muisunge mu sipiriti.

Tsono musamve ngati ndanena kuti nkhawa yanu njopanda pake. Kwanuko mwayandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, ndipo kumeneko, pamodzi ndi ku Vwaza ku Rumphi ndi ku Kasungu, kashembe aliko ndithu. Nsalu za buluu ndi zakuda zimene mumaziona zitaimikidwa m'mphepete mwa nkhalango ndi misampha yake, chifukwa iye amakopeka ndi mitundu imeneyo, ndipo nsaluzo zimakhala zothiridwa mankhwala. Kashembe amalondolanso galimoto kapena njinga yoyenda, ndiye akhoza kufika pamudzi atakwera pamsana pa munthu wochokera kutchire. Wamwamuna ndi wamkazi onse amaluma. Chodabwitsa chake, saikira mazira ngati ntchentche zina. Wamkazi amabala mphutsi imodzi yokhwima kale, pafupifupi masiku 10 aliwonse.

Kaodzera wa kuno ndi wa mtundu wa rhodesiense, umene unadziwika mu 1910 kuchokera kwa wodwala amene anautenga kuchigwa cha Luangwa ku Zambia, ndipo ndi wothamanga: umagwetsa munthu m'masabata kapena miyezi yochepa. Si kashembe aliyense amene ali ndi tizilombo, ambiri alibe. Komabe pamene panalumidwapo pakatupa n'kukhala ngati chithupsa chofiira, kapena mukayamba kutentha thupi ndi litsipa m'masabata atatu akubwerawa, pitani kuchipatala osadikira yankho la pagulu pano. Akakuyezani malungo n'kusawapeza, nenani nokha kuti mumakhala pafupi ndi nkhalango ndipo munalumidwa ndi ntchentche, ayeze magazi. Mankhwala alipo, ndipo masiku ano kunabweranso akumwa otchedwa fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi komweko.

Za ng'ombezo, zikayamba kuwonda pamene msipu ulipo, muitane alangizi a ziweto. Pakadali pano kokolani udzu wonyowa uja m'kholamo, ndipo mawa mutitumizire phikolo.