Chifukwa chake Linux imasiya ma core ena atangokhala

Wowerenga wina amene amayang'anira seva ya ofesi mu Cairo Road muno mu Lusaka wandilembera imelo. Akuti akatsegula htop, pulogalamu yoonetsa mmene kompyuta ikutanganidwira, amaona ma core (tizigawo ta purosesa togwira ntchito patokha) awiri atatanganidwa pamene ena angokhala, ndipo akufunsa ngati Linux ikulakwitsa posawapatsa ntchito.

Bambo, zikomo chifukwa cha funsoli. Nthawi zambiri Linux sikhala ikulakwitsa. Ntchito ikadzuka, mwachitsanzo uthenga wa pa netiweki ukafika, scheduler, imene imagawa ntchito ku ma core, iyenera kuipezera malo msanga, ndipo mu kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, gawo lochita zimenezi limatchedwa select_idle_sibling. Pakati pa malo amene limayamba kuyang'ana pali core imene ntchitoyo inali poyamba, ndipo ikapezeka ilibe chochita, ntchitoyo imabwerera komweko, chifukwa deta yake ingakhale idakali mu cache ya L1 ndi L2, memori yaing'ono yofulumira ya core imeneyo. Mayi amene mbaula yake ili ndi moto kale sakoleza ina kungoti waiona ili chabe.

Zikakanika, limafufuza pakati pa ma core okhawo amene amagawana cache yokulirapo ya L3. Pa purosesa ya AMD Zen 3 ya mu 2020, ma core 8 amagawana 32 MB, pamene pa Zen 2 anali 4 okha. Pa makina okhala ndi Hyper-Threading, imene imachititsa core imodzi kukhala ndi mbali ziwiri zogwira ntchito, limayamba lafuna core imene mbali zake zonse ziwiri zili chabe, popeza mbalizo zimalimbirana zipangizo zimodzimodzi.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti kufufuzako nakonso kumadya nthawi, ndipo kumachitika kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Pa seva ya ma core ochuluka imene yatanganidwa kale, scheduler ingayendere onse n'kubwerako chimanjamanja. N'chifukwa chake mu Linux 6.0, mu 2022, munalowa SIS_UTIL, imene imachepetsa chiwerengero cha ma core ofufuzidwa ntchito ikamachuluka. Ine ndimaona kuti opanga Linux anachita mwanzeru. Komanso core imene yagona tulo tofa nato posunga magetsi imachedwa kudzuka.

Kwa inu, yambani mwaona kuti pulogalamu yanu ili ndi ma thread (mizere ya ntchito yoyenda payokha) angati, pakuti thread imodzi singayende pa ma core awiri nthawi imodzi, ndipo ndikukayikira kuti nkhani yanu yagona pamenepa. Kenaka yesani malamulo a perf sched record ndi perf sched latency kuti muone nthawi imene ntchito zikudikira pamzere. Ngati kudikirako n'kochepa, musafulumire kumangirira pulogalamuyo ku core inayake ndi lamulo la taskset, chifukwa mukatero mumailetsa kusamukira kwina tsiku limene core imeneyo idzadzaze.